Chisa cha namzeze pakhonde panga

Sabata ino mwayi wagwera ine, mayi wa geni wa kuno ku Chiradzulu, ndiye mundipirire. Sindine mlembi ngati ena a inu amene mumatiliza ndi ndakatulo. Ine cholembera ndimachigwira ndikamalemba mayina a anthu ongongola usipa. Koma pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima kwa zaka, ndipo ndiyambe ndi kukufunsani: mbalame ikamanga chisa pakhonde panu n'kuyamba kukuonongerani katundu, mumatani? Musafulumire kuyankha. Inenso ndinkaona ngati yankho lake ndi losavuta.

Ndimakhala chakufupi ndi Mbulumbuzi, pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba. Geni yanga ndi usipa, bonya, nyemba ndi nandolo wouma. Nsomba ndimakaoda ku Limbe n'kumagulitsa pamsika pamiyulumiyulu. Amene munagulitsapo nsomba zouma mukudziwa kuti dzinja ndi mdani wathu. Usipa ukangogona m'thumba masiku awiri kunja kuli chinyezi, wayamba chuku, ndipo mpamba wapita. Ndiye kukachita mitambo ndimayala mphasa pakhonde, n'kuuyanika pamenepo kuti uzipitidwa mphepo. Khonde limenelo ndiye sitolo yanga, nkhokwe yanga, zonse.

Chakumapeto kwa 2022, mvula yoyamba itangogwa, kunabwera anamzeze awiri. Anali aja a mutu wofiirira, pachifuwa pali timizere takuda, mchira wa mphanda. Ankapita pamjigo pamene madzi amataikira, kutapa dothi ndi mlomo, kubwera kudzamata pakona ya khonde, m'mwamba penipeni pamene khoma limakumana ndi denga. Kamodzi kokha amatenga kadothi kochepa ngati njere ya nandolo. Tangoganizani maulendo ake. Anamanga kwa masabata, onse awiri, mpaka chinatuluka chinthu chonga chikho chodula pakati, chokhala ndi kakhosi kolowera. Mmisiri wopanda folomani, wopanda simenti, koma mzere wake wowongoka kuposa wa amene anandimangira bafa.

Amayi anga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yanga, anasangalala. Anati, “Mwananga, namzeze samanga pakhomo pa mikangano. Wakusankha ameneyo, umusiye.” Ine ndinangoseka. Sindinkadana nazo mbalamezo, koma sindinkazilabadiranso.

Mavuto anayamba mu Disembala. Pansi pa chisa paja panayamba kuyera ndi zitosi, ndipo mbalamezo polowa ndi potuluka zinkadontheza pamene zafuna. Ndinali nditangotenga ngongole ku banki m'khonde n'kukaoda thumba la usipa wabwino, woti Khirisimasi indipeze ndili ndi kanthu. Tsiku lina ndinayanika, ndinaola kuli kachisisira, m'mawa ndinapita nawo kumsika osaupeta bwino. Kasitomala wanga wamkulu, mayi wophika nsima pamsikapo, anagula wambiri ndithu. Pasanathe ola anabwerera nawo m'beseni. Sanandiitanire pambali ayi. Anaima pakati pa mzere wathu n'kukweza mawu: “Achemwali, mwayamba kutigulitsa usipa wothira zitosi? Mukufuna anthu anga atsekule m'mimba?”

Abale, manyazi a pamsika ndi ena. Aliyense anatembenuka. Ndinabweza ndalama, ndipo tsiku limenelo ngakhale nyemba sizinayende. Ndikubwerera kunyumba mutu unali pa chinthu chimodzi: Lachisanu ndikabweza chiyani kugulu?

Nditafika sindinatule n'komwe dengu bwinobwino. Ndinatenga nsungwi imene timagwetsera mango n'kubaya chisa chija kawiri. Chinagwa chonse, phwa! Ndipo pakati pa zidutswa za dothi panali tiana titatu, nthenga zitangoyamba kumera, milomo yachikasu ili yasaa.

Apa ndikufuna ndinene chilungamo, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti sindinkadziwa kuti muli ana. Chisa cha mtundu umenewu n'chotseka, mkati simuoneka, ndiye bodza langa linkamveka. Koma ndinkadziwa. M'mawa uliwonse ndikamasesa ndinkamva kulira kwawo makolo akabwera ndi chakudya. Ndinadziwa, koma mkwiyo unandiuza kuti usipa wanga ndi wofunika kuposa.

Mwana wanga wachisamba, mtsikana, nthawi imeneyo anali Sitandade 4. Anatola tianato n'kutiika m'kambale kakale, anayalamo thonje la m'pilo. Anayesa kutidyetsa phala ndi kamtengo ka machesi. Iye sankadziwa, inenso sindinkadziwa, kuti namzeze sadya za ufa. Chakudya chake ndi tizilombo touluka basi. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa, “Amama, nanga amayi awo akabwera tiwauza chiyani?” Ndinamukalipira kuti akatunge madzi. Pofika m'mawa tonse titatu tinali titauma, nyerere zitayamba kale ntchito.

Makolo aja anabwera. Kwa masiku angapo ankazungulira pakhonde, kukakamira pakhoma pamene panatsala chizindikiro cha dothi, kuuluka, kubweranso, wina atanyamula kachilombo kukamwa. Amayi sanandilalatire. Anangoima n'kuyang'ana m'mwamba, nati, “Timba sachepa ndi mazira ake.” Basi anabwerera kwawo. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kundimenya. Kambalame kangachepe bwanji, pa ana ake ndi mayi wathunthu ngati ine.

Miyezi itatu itadutsa, mu Malichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy. Za iyeyu sindikuuzani zambiri. A kuno kummwera mukudziwa, a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe munaona zithunzi. Mvula inagwa usana ndi usiku osapuma. Nyumba yanga inali ya njerwa zosaotcha, zomangira dothi. Usiku wina ndinamva khoma la kuchipinda likulira ngati munthu akung'amba nsalu. Ndinabereka wamng'ono, ndinakoka wamkulu, tinatuluka. Tisanafike n'komwe pakhomo pa amayi, khoma linagwa, denga n'kutsatira. Matumba a nyemba, mabuku a ana, zonse pansi pa matope. Tinakagona m'kalasi pasukulu ina pamodzi ndi mabanja ena ambirimbiri.

Ena m'mudzi anayamba kunong'ona kuti ndi tsoka la chisa chija. Zimenezo ine ndimakana mpaka lero, ndipo inunso musazitenge choncho. Nyumba zinagwa za anthu amene sanakhudzepo chisa moyo wawo wonse. Ku Ntauchira, kwa Likoswe m'boma lathu lomwe lino, madzi ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola mudzi, anthu n'kutaya miyoyo. Iwo analakwira mbalame iti? Yanga inagwa chifukwa inali ya dothi ndipo mvula inachuluka, basi.

Koma chimene chinandichitikira ndi ichi. M'mawa uliwonse ndinkachoka kusukulu kuja kupita pabwinja langa. Panalibe choti ndikatole, zonse ndinali nditafukula kale. Ndinkangozungulira, kuima pamene panali chitseko, kuzunguliranso. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ndinadzipeza ndikuyang'ana pamene panali kona ya khonde, ndipo ndinakumbukira mbalame ziwiri zija zikukakamira pakhoma lopanda kanthu. Ine ana anga ndinatuluka nawo amoyo. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira, ndipo anthu odutsa ankaganiza kuti ndikulirira nyumba.

Tinamanganso pang'onopang'ono. Bambo a ana anga ali ku Joni, ndiye ankatumiza zimene apeza, ine n'kuwonjezera za geni. Ulendo uno njerwa zootcha, simenti pang'ono, malata ena akale owongola. Tinalowa chilimwe chisanathe. Ndiye mvula itayandikira, tsiku lina ndikupeta nandolo, ndinangoona tiwiri tikuzungulira pakhonde latsopanolo. Sindingalumbire kuti ndi omwe aja. Koma anasankha kona ya mbali yomweyo.

Mwana wanga anandiyang'ana osanena kanthu. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga katoni ya sopo, ndinaiphwasula n'kuiyala pansi pa konayo, n'kutsendereza ndi njerwa. Mphasa ya usipa ndinaisamutsira mbali ina ya khonde, ndipo ndinayamba kuupeta kawiri ndisanapite nawo kumsika. Katoni ikadzaza ndimaitaya kudzala n'kuika ina. Vuto limene ndinaphera tiana titatu linatha ndi katoni imene wa golosale amandipatsa ulere. Zimenezi zimandiwawa kulemba.

Chaka chimenecho anaswa, analera, ana anauluka. Ndinawerengera: mazira amawafungatira pafupifupi masabata awiri, kenako ana amakhala m'chisa masabata ngati atatu. Akayamba kuuluka sathawiratu, madzulo amabwererabe kudzagona kwa masiku angapo. Ndiye kupirira konse kumene mbalame imakupemphani sikufika n'komwe miyezi iwiri. Ngongole ya banki m'khonde imatenga nthawi kuposa pamenepo.

Mtsikana wanga uja analowa kalabu ya zachilengedwe kusukulu, aja amathandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndiye pano ndi mphunzitsi wanga. Ndi amene anandiuza kuti anamzeze si amtundu umodzi. Aja mumawaona atandandalika pamawaya a magetsi nthawi ya dzinja, ambirimbiri, akhosi lofiira, ambiri mwa iwo amachokera ku Ulaya ndi ku Asia. Amafika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala pothawa chisanu cha kwawo, n'kubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Kuno amangodya, samanga. Chisa amakamanga kwawo. Nditamva ndinati ndiye ngati bambo ako amenewo, ku Joni amangogwira ntchito, njerwa amaumbira kuno. Koma a pakhonde pangawa ndi a mu Africa momwe muno, amaswera konkuno.

Tsopano musaganize kuti ndasanduka mayi wachifundo amene amasiya chisa chilichonse. Ayi ndithu. Zisa zakale zina ndi zoopsa, ndipo ndinaphunzira ndi thupi la mwana wanga.

Mu 2024 mzime wanga anayamba kudzikanda usiku wonse. Timatuza tofiira m'khosi, m'mikono, pamimba. Ndinaganiza nsikidzi, ndinatulutsa mphasa ndi zofunda padzuwa, ndinathira madzi otentha m'mabedi, osasintha. Tsiku lina masana ndinaona tizilombo tating'onoting'ono, ngati fumbi loyenda, tikutsika pakhoma kuchokera kudenga. Nditakwera pampando ndinapeza pampata wa pakati pa malata ndi khoma pali chisa cha mpheta, chodzaza udzu, nthenga za nkhuku, tizingwe ta thumba ndi timapepala ta pulasitiki. Ana anali atauluka kalekale. Utitiri umene unkayamwa mbalamezo, utaona kuti eni ake achoka, unatsika kudzafuna magazi kwa mwana wanga amene ankagona pansi pake.

Mmene ndinachotsera ndi mmene ndimachitira mpaka pano, ndipo mwina wina zimuthandiza. Poyamba ndimaonetsetsa kuti mulibe mazira kapena ana. Sindidalira kungoyang'ana kamodzi. Ndimatchera khutu ndi maso masiku atatu, m'mawa ndi madzulo. Ngati palibe mbalame yolowa ndi chakudya kukamwa, palibe kulira, ndiye chisacho chatha ntchito. Kenako ndimamanga chitenje kumphuno ndi kukamwa, m'manja ndimavala majumbo. Ndimawaza madzi kaye kuti fumbi la zitosi lisauluke, chifukwa fumbi limenelo silabwino kulipuma. Dzanja sindilowetsa mwachisawawa. Ndimayamba ndagogoda ndi ndodo, poti m'zisa zosiyidwa mumakonda kubisala makoswe, ndipo pamene pali makoswe ndi tiana ta mbalame njoka siichedwa. Chisacho ndimachiika m'jumbo n'kukachiotcha kutali ndi khola la nkhuku, chifukwa utitiri womwewo ukalowa m'khola nkhuku zofungatira zimathawa mazira. Pamalopo ndimatsuka ndi madzi otentha a sopo, ndipo pomaliza ndimamata mpatawo ndi dothi. Mukapanda kumata, mwezi wamawa mwabwera wina wa lendi. Mwana uja patangopita masiku ochepa anasiya kudzikanda.

Inu a nyumba za udzu, kapena amene khitchini yanu ndi yofolera udzu, onjezerani ichi: chisa chouma pafupi ndi moto ndi nkhuni zoyatsira kale.

Atchete a mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba ndiye sindilimbana nawo. Phokoso lawo limadzutsa munthu tambala asanamalize kulira, ndipo amayi amadandaula mapira awo, koma zisa zawo zakale amathana nazo okha. Wamwamuna ndi amene amaluka, ndi udzu wauwisi, kenako amalendewera kunsi kwake akukupiza mapiko kuitana wamkazi. Wamkazi amalowa, amayendera ngati apongozi. Chikapanda kupeza mwini n'kuyamba kuuma, mwamuna uja amachiphwasula yekha n'kuyambanso china. Zimene zagwa pansi ndimangosesa. Ndipo kudambo kuli chisa cha nantchengwa, chimulu cha timitengo pamphanda ya mtengo, chachikulu moti simungakhulupirire kuti anamanga ndi mbalame. Chimenecho amayi anatiletsa tili ana ngakhale kuchigenda. Eni ake akachoka mumalowa akadzidzi, njuchi, nthawi zina njoka. Chakale kwa wina, kwa mnzake ndi nyumba yatsopano.

Ndiye nanga chisa chakale cha namzeze? Apa ndi pamene tinasemphana ndi bambo a kunyumba. Anabwera kudzadya Khirisimasi ya 2024, atagula laimu woti tipake nyumba yathu yatsopanoyo koyamba. Atafika pakona ija anaitanitsa khasu. “Mayi, chidothi ichi chikunyansitsa khoma. Mulibe kanthu umu, ndichotse.” Anali ndi mfundo ndithu. Nthawi imeneyo munalibedi kanthu, ana anali atauluka. Ndipo munthu wavutika zaka kuchilendo, kugona mothinana, kuti akhale ndi nyumba yooneka bwino. Ndani angamuletse kufuna khoma loyera?

Ndinawauza kuti, “Bambo, chisa cha namzeze sichili ngati cha mpheta. Amabwereranso chomwecho, amangokonza pamene pagumuka. Mukachigwetsa ayambiranso kutuma dothi masabata onse aja. Komanso chili kunja, sichili pamwamba pa bedi la mwana.” Iwo anati nanga utitiri? Ndinati ndimayang'ana khoma limenelo kawirikawiri, tsiku limene ndidzaone tizilombo tikutsika, ndidzachotsa ndekha muli mopanda ana. Anati nanga alendo aziti chiyani? Apo ndinasowa choyankha, ndiye ndinangowauza nkhani ya tiana titatu tija, yonse, mpaka bodza langa lomwe. Pafoni ndinali ndisanawauzepo.

Anakhala chete, kenako anatenga bulashi n'kupaka mozungulira chisacho mosamala, ngati akupaka m'mbali mwa windo. Mpaka lero pakona imeneyo pali chigamba cha dothi pakati pa khoma loyera. Alamu anga akabwera amaseka, amati nyumba ya achimwene ili ndi chipsera. Asekeni.

Mtsikana wanga wandichenjeza kale kuti tsiku lina ndikhoza kuona nthenga zitamatidwa pakhomo pa chisacho. Akuti ndikadzaona zimenezo ndidziwe kuti alanda: kuli timbalame tina takuda, ta banga loyera chakumchira, touluka ngati anamzeze, timene timakonda kulowa m'zisa zomanga anzawo. Ndinati ngakhale kumbalame eti kuli olanda malo. Zikadzatero sindidzalowerera, milandu yawo akaweruzane okha.

Chinanso chimene ndimaganiza ndikakhala pakhonde madzulo n'kuyang'ana phiri la Chiradzulu: amayi amati kale mitengo inali yambiri, kuphiri ndi m'midzi momwe. Lero tadula, taotcha makala, taotchera njerwa, kuphatikizapo njerwa za nyumba yangayi. Sindiloza munthu chala, mbaula yanga imadya makala tsiku lililonse. Koma mbalame zambiri zimene zinkamanga m'mitengo imeneyo zatsala ndi mango athu, nsungwi za kumanda ndi madenga athu. Ndipo anyamata a malegeni ndi ulimbo akuzidikira pomwepo. Wanga wamwamuna ndinamuuza kuti legeni yake isaloze pakhonde panga; amene amadya ntchentche zovutitsa usipa wanga ndi wantchito mnzanga.

Kasitomala wanga uja tinagwirizananso. Anabwerera yekha patapita miyezi, chifukwa usipa wabwino amaudziwa. Sanalakwe kudandaula, anthu amene amadya kwa iye amamukhulupirira, ndipo zitosi m'chakudya ndi matenda. Wolakwa ndinali ine amene sindinapete, kenako n'kukalipsira mkwiyo wanga pa amene sakanatha kundiyankha.

Ndiye funso langa lija ndikulibweza kwa inu. Amene muli ndi zisa pakhomo, kaya ku Karonga, ku Mchinji, ku Nsanje, mumatani nazo? Kwanu akuluakulu amati chiyani za namzeze? Ndipo ngati pali wina amene anachitapo zimene ndinachita ine, asaope kunena, sindimuseka. Langa pempho ndi limodzi: musanatenge nsungwi, imani pansi pa chisacho m'mawa umodzi wokha, mutchere khutu.

Ndalemba izi usiku ana atagona, pafoni ya galasi losweka, ndiye zolakwika mukonze ndinu aphunzitsi muli muno. Mawa ndilawirira ku Limbe kukaoda, ndipo ndisaiwale kupempha katoni ina, yakale ija yadzaza.